KUGULA KATUNDU NDI NDARAMA ZA GULU

(Mau awa anakambidwa kwa a makomiti a sukulu ndi a mabungwe a alimi. Alembedwa muno kuti aphunzitsi ndi ena odziwa kuwerenga awerengere anzao pa bwalo.)



Munthu akapita ku msika ndi ndarama za m'thumba mwace, nagula khasu losalimba, tsoka ndi lace yekha. Adzadandaula masiku awiri, nadzagula lina. Koma ndarama za gulu ziri ndi eni ace ambiri. Ziripo zimene makolo anasonkha kuti amange nyumba ya mphunzitsi. Ziripo zimene alimi anapereka ku bungwe lao atagulitsa mtedza. Ziriponso zimene zacokera ku Boma kuti zithandize pa sukulu. Munthu wotumidwa kukagula ndi ndarama zotere wanyamula thukuta la mudzi wonse.

Katundu wa gulu akagulidwa moipa, cotaika si ndarama zokha ai. Denga limadontha, ndipo ana amabwerera pansi pa mtengo. Fetereza amafika cimanga citayamba kale kufiira. Coopsa koposa ndi ici: anthu amaleka kukhulupirira komiti yao, ndipo tsiku limene mfumu idzaitana anthu kuti akaumbe njerwa, padzafika owerengeka okha. Kawirikawiri amene mbiri yace imaipa pa nkhani zotere sakhala mbala. Amakhala munthu wabwino ndithu amene anapita yekha ku sitoro, nagula popanda mboni ndi popanda pepala, ndipo pofunsidwa alibe coonetsa. Tsono njira zimene zikambidwe pano ziri ndi nchito ziwiri: kuchinjiriza ndarama za gulu, ndi kuchinjiriza dzina la munthu wotumidwayo.

DZIWANI COFUNIKA MUSANAPITE KU SITORO

Kugula kumayambira pa msonkhano wa komiti. Komiti ikhale pansi nigwirizane pa zinthu zinai: cinthu cofunika, mtundu wace, kucuruka kwace, ndi tsiku limene cifunika kufika. Mlembi alembe zonsezi m'buku la misonkhano.

Sikukwanira kulemba kuti "malata 60". Malata ali ndi utali wosiyanasiyana, ena mafiti 8, ena 10, ena 12. Amasiyananso kukhuthala kwace, kumene amalonda amakucha geji. Apa ambiri amasokonezeka, pakuti nambala yaing'ono ndiyo ya malata olimba: geji 28 ndi wokhuthala kuposa geji 32. Komiti imene sinalembe geji idzalipira mtengo wa malata olimba nilandira opyapyala, ndipo sidzakhala ndi ponenera, popeza wogulitsa adzati, "Munati malata, awa ndi malata." Cotero mmisiri womanga ayambe wayesa denga, nauza komiti utali ndi geji ndi misomali yace yomwe.

Cimodzimodzi ndi zina. Pa fetereza alembe ngati ndi wokulitsa kapena wobereketsa, ndi kuti thumba liri lonse likhale la makilogramu 50. Pa mbeu alembe dzina la mtundu wace. Pa mabenchi a ana alembe utali, mtundu wa matabwa, ndi kuti matabwawo akhale ouma, cifukwa thabwa laliwisi limapindika likauma ndipo misomali imazuka.

Tsiku nalonso ndi lofunika. Mvula ikayamba, miseu yambiri ya kumidzi imaterera, ndipo galimoto lolemera silitha kuoloka madambo. Bungwe limene lifuna fetereza kapena simenti liyenera kuyamba kufunsa mitengo dzuwa likali kuwala, miyezi iwiri kapena itatu nthawi isanakwane. Zengerezu analinda kwaukwau. Wogula mocedwa amagula mothamanga, ndipo wogula mothamanga amalandira mtengo uli wonse umene wauzidwa.

FUNSANI MITENGO KWA AMALONDA ATATU

Komiti isagule pa sitoro yoyamba imene yafikapo. Itenge pepala lija la zofunika, nilipereke kwa amalonda atatu kapena oposa, kuti yense alembe mtengo wace. Kalata yotere ya mitengo amalonda amaicha kotesheni. Pakhale dzina la sitoro, tsiku, mtengo wa cinthu cimodzi, mtengo wa zonse pamodzi, ndi mau onena ngati wogulitsa adzapereka yekha katunduyo pa malo. Makalata atatuwo atsegulidwe pamaso pa komiti yonse. Nkosayenera kuti wina wa m'komiti anong'oneze wamalonda mmodzi mitengo ya anzace, pakuti pamenepo mpikisano watha.

Tsono pofananiza mitengo pafunika nzeru, cifukwa mtengo wolembedwa pa thumba sindiwo mtengo wonse. Naci citsanzo, ndipo mitengo yace ndi yongoyerekeza. Sukulu ifuna matumba 40 a simenti. Wamalonda woyamba ali ku tauni, ndipo agulitsa thumba pa K20,000. Matumba onse ndi K800,000. Koma galimoto lonyamula lifuna K150,000, ndipo anthu awiri a komiti opita kukagula adzaononga K20,000 pa ulendo. Zonse pamodzi zakwana K970,000. Waciwiri ali pa msika wapafupi. Iye agulitsa pa K22,000, koma adzatula yekha simentiyo pa sukulu. Zonse ndi K880,000. Wacitatu agulitsa pa K19,000, ndiye kuti K760,000, nayenso adzatula yekha. Koma amene anapita kukaona anapeza kuti simenti yace yagona m'nyumba ya cinyezi ciyambire dzinja lapita, ndipo matumba ena ayamba kuuma ngati mwala.

Pa atatuwa, amene thumba lace liri lokwera mtengo koposa ndiye wochipa kweni-kweni. Woyamba adzadya K90,000 yoonjeza pa ulendo, ndipo wacitatu adzapereka simenti yosagwira, imene khoma lace lidzang'ambika. Komiti iri ndi ufulu wosiya mtengo wotsika nisankha wina, koma mlembi alembe cifukwa cace m'buku, kuti wofunsa mawa adzapeze yankho.

MDZIWENI WOGULITSA

Pepala lokha silinena zonse. Anthu awiri a komiti apite kukaona ndi maso ngati sitoroyo iripodi, ndi ngati katunduyo alimo. Afunse ku sukulu zina ndi ku mabungwe ena amene anagulapo kumeneko: kodi anafikitsa pa tsiku lace? Kodi katundu atapezeka woonongeka anabvomera kusintha? Aonenso ngati malonda ace ndi olembetsedwa, ndi ngati amapereka risiti yosindikizidwa yokhala ndi dzina la sitoro. Safunsa anadya phula.

Ngakhale maofesi akuru amagwa pamenepa. M'caka ca 2022 kunamveka m'dziko lonse la Malawi kuti ndarama zokwana ngati K750 miliyoni zinaperekedwa mwa cikole kwa kampani ina ya ku Britain kuti ibweretse fetereza wa alimi ang'ono-ang'ono. Feterezayo sanafike, ndipo kunadziwika kuti malonda a kampaniyo anali a nyama. Panafunika nchito yaikuru kulondola ndaramazo kunja kwa dziko. Phunziro lace ndi la komiti iri yonse, ngakhale yaing'ono: ndarama zisatsogole katundu asanaoneke. Ngati mmisiri wopala mabenchi afuna ndarama zogulira matabwa, apatsidwe gawo locepa, pakhale pangano lolembedwa ndi mboni, ndipo zotsala adzalandire atapereka mabenchi onse.

Pali nkhani inanso yobvuta kuikamba pa mudzi, ndiyo ya cibale. Nthawi zina wogulitsa amakhala mlamu wa wapampando, kapena mphwace wa mlembi. Kukhala mbale si mlandu, ndipo pa mudzi waung'ono anthu ambiri ndi apacibale. Koma mwini mbaleyo aulule pamaso pa komiti, naturuke panja pamene anzace asankha. Akuru anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mlamu wa wapampando akabweretsa malata opyapyala, ndani adzalimba mtima kuwabweza? Koma ngati anasankhidwa poyera, mbale wace ali panja, komiti idzatha kumdzudzula monga wamalonda wina ali yense.

NCHITO ZITATU, ANTHU ATATU

Pa kugula pali nchito zitatu: kuitanitsa katundu, kulandira katundu, ndi kulipira. Lamulo lalikuru koposa onse ndi lakuti nchito zitatuzi zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Mlembi alembe oda, wapampando asaine. Anthu ena awiri, amene sanapite kukagula, alandire katundu namuwerenge. Msungicuma alipire, ndipo pepala loturutsira ndarama ku banki lisainidwe ndi anthu awiri. Wina asasaine pepala lotere lopanda mau, ngakhale ali pa ulendo wofulumira.

Nchito iri yonse iri ndi pepala lace. Oda inena zimene gulu linapempha. Kalata yobwera ndi katundu inena zimene zafika. Invoisi inena ndarama zimene wogulitsa afuna. Msungicuma asanaturutse ngakhale tambala imodzi, aike mapepala atatuwa pa tebulo nawafananize. Oda ikati matumba 40, kalata yolandirira ikati 38, invoisi ikati 40, alipire 38 okha kufikira awiriwo atafika. Atalipira atenge risiti, namange mapepala onse anai pamodzi. Masiku ano ambiri amalipira pa foni ya m'manja. Njirayi ndi yabwino, koma ndarama zipite ku nambala ya malondawo imene yalembedwa pa invoisi, ndipo risiti ya pepala itengedwebe.

Wina angaganize kuti mapepala onsewa ndi ocurukitsa nchito cabe. Akumbukire za caka ca 2013, pamene kunaululika nkhani imene inachuka ndi dzina lakuti Cashgate. Mabiliyoni a ndarama za Boma anaperekedwa kwa makampani amene sanapereke katundu ali yense kapena kugwira nchito iri yonse. Maiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lao la ndarama, anthu wamba anabvutika, ndipo ena mwa ocita zimenezi anamangidwa. Muzu wace unali womwewu: ndarama zinaturuka popanda wofunsa kuti, "Nanga katunduyo ali kuti, ndipo anamlandira ndani?"

PA TSIKU LOLANDIRA KATUNDU

Galimoto likafika, woyendetsa amakhala wofulumira, ndipo amafuna kuti wina asaine msanga. Olandira asatengeke nazo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Katundu atsitsidwe dzuwa likali kuwala, nawerengedwe cimodzi-cimodzi. Malata awerengedwe limodzi-limodzi, osati mitolo, ndipo ayesedwe utali. Matumba a simenti akhudzidwe ngati mulibe zibuma. Pa matumba a fetereza aone ngati msoko wace ndi wa ku fakitale kapena wasokedwanso ndi manja. Atengepo matumba angapo nawaike pa sikelo, natsegule limodzi kapena awiri kuti aone ngati sanasakanizemo mcenga. Pa katundu wambiri wopangidwa m'dziko muno pamakhala cizindikiro ca Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1972 kuti liziyesa ubwino wa katundu. Ndi bwino kuciyang'ana.

Mbeu iri ndi mayeso ace apafupi amene mphunzitsi angathe kucita pamodzi ndi ana a sukulu. Ayambe awerenga tsiku lolembedwa pa paketi. Kenaka atenge njere 100, azifese m'mbale ya mcenga wonyowa, nazithirira. Patapita sabata limodzi awerenge zimene zamera. Zikamera zocepa, bungwe lidziwa nthawi yobzala isanafike, ndipo likhoza kubweza mbeuyo m'malo modzalira m'munda.

Cosowa kapena coonongeka ciri conse cilembedwe pa kalata yolandirira woyendetsa galimoto akali pomwepo, ndipo iye asainepo. Dandaulo la pambuyo pa sabata ziwiri ndi lobvuta, cifukwa wogulitsa adzati katundu anaonongekera m'manja mwa gulu. Pomariza katundu alembedwe m'buku la katundu, ndipo ciri conse coturuka m'nyumba yosungiramo cizilembedwanso. Simenti isanjikidwe pa matabwa, yosakhudza pansi kapena khoma, ndipo isagulidwe yambiri yoti igone miyezi yambiri, popeza imacepa mphamvu ikakhalitsa.

WOGULITSA WABWINO ASUNGIDWE

Zonse zanenedwazi zisacititse komiti kuyesa wamalonda ali yense ngati wakuba. Amalonda okhulupirika alipo ambiri, ndipo gulu limene lapeza wotere lapeza cuma. Iye adzauza komiti mitengo ikafuna kukwera, adzasunga katundu pa nthawi imene asowa, ndipo adzasintha coonongeka popanda mkangano.

Njira yomsungira ndi kumlipira pa tsiku la pangano. Mmisiri wa pa mudzi amene wapala mabenchi 30 anagula matabwa ndi ndarama zace, kapena anacita kukongola. Komiti ikamzungulitsa miyezi itatu, ndi mau akuti "msungicuma wacoka" kapena "bwerani mawa", banja lace ligona ndi njala. Ulendo wina adzakana nchito ya gululo, kapena adzakweza mtengo kuti alipiritse kudikira kwace. Gulu locedwa kulipira limatsala ndi amalonda oipa okha-okha. Cotero komiti isaitanitse katundu ndarama zace zisanapezeke.

Mlembi akhale ndi tsamba m'buku la wogulitsa ali yense, nalembepo zinthu zitatu pa ulendo uli wonse: ngati anafikitsa pa tsiku lace, ngati katundu anali wokwana ndi wabwino, ndi m'mene anacitira atadandaulidwa. Komiti zimasintha, koma buku limatsala, ndipo olowa atsopano sadzayamba mu mdima. Wogulitsa akalakwa koyamba, aitanidwe nauzidwe poyera, mwaulemu. Akabwereza, asiyidwe. Ngakhale wabwinoyo, mitengo yace izifananizidwa ndi ya ena caka ndi caka, kuti asazolowere. Ndiponso gulu lizidziwa wogulitsa waciwiri wothawirako tsiku limene woyambayo alibe katundu.

Mphatso ndizo zimaononga ubwenzi wotere. Wamalonda akapatsa mlembi nkhuku, kapena akati "pa matumba awa limodzi ndi lanu", sanataye kanthu. Mtengo wa nkhukuyo adzaubweza pa invoisi, ndipo olipira ndi makolo aja anasonkha. Wolandira mphatso watsekedwa pakamwa, sangathenso kubweza katundu woipa. Ngati wogulitsa afuna kutsitsa mtengo cifukwa gulu lagula zambiri, kutsitsako kulembedwe pa invoisi kuti kupindulire onse. Ciphuphu ndi mlandu pa malamulo a dziko, kwa wopereka ndi kwa wolandira yemwe, ndipo bungwe la Anti-Corruption Bureau limalandira madandaulo otere.

KUGULA PAMODZI

Gulu laling'ono liribe mau amphamvu pamaso pa wamalonda wamkuru, koma magulu akaphatikizana amamveka. Nzeru imeneyi ndi yakale. M'tauni ya Rochdale ku England, anchito osauka anatopa ndi masitoro amene anali kuwagulitsa ufa wosakaniza ndi zinthu zina, ndi kuwabera pa sikelo. Anthu 28, ena a iwo oomba nsaru, anasonkha ndarama pang'ono-pang'ono kufikira zinakwana £28, ndipo pa 21 December 1844 anatsegula kasitoro kao mu mseu wochedwa Toad Lane. Poyamba munali zinthu zowerengeka cabe: ufa, shuga, batala, ufa wa phala ndi makandulo. Koma anaika malamulo akuti katundu akhale weni-weni wosasakaniza, muyeso ukhale wokwana, malonda akhale a ndarama pamanja, ndipo mabuku azionetsedwa kwa eni bungwe. Mabungwe otere atacuruka, anaona kuti ali yense payekha agula modula. Tsono m'caka ca 1863 anapanga bungwe limodzi lalikuru ku Manchester logulira onse katundu wambiri nthawi imodzi. Nzeru ya mabungwe otere inafika kuno, ndipo lamulo loyamba lowayendetsa m'Nyasaland linapangidwa m'caka ca 1946.

Sukulu zinai zoyandikana zikhoza kucita comweco pogula coko, makope kapena simenti. Makalabu a alimi akhoza kuitanitsa fetereza pa oda imodzi, nalipira galimoto limodzi m'malo mwa anai. Mutu umodzi susenza denga. Koma pogula pamodzi mapepala afunika koposa, kuti gulu liri lonse lidziwe gawo lace ndi ndarama zace.

ZONSE ZIKHALE POYERA

Boma nalo liri ndi malamulo a kagulidwe. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la kagulidwe ka katundu wa Boma m'caka ca 2003, ndipo lina la m'caka ca 2017 linakhazikitsa bungwe la PPDA loyang'anira nchitoyi. Cotero komiti imene yalandira ndarama za Boma ifunse ku ofesi ya maphunziro kapena ya ulimi ya m'boma lao za njira zoyenera kutsata, isanagule kanthu.

Nchito yogula ikatha, komiti iitane eni ndarama. Msungicuma awerenge pamaso pa onse ndarama zimene zinalowa, katundu amene anagulidwa, kwa yani, pa mtengo wanji, ndi zimene zatsala. Pepala lace likhomedwe pa citseko ca sukulu kapena ca nyumba ya bungwe, kuti ali yense wodziwa kuwerenga adzionere yekha, ndipo wofuna kuona marisiti aonetsedwe popanda kumkwiyira. Wofunsa si mdani wa komiti; ndiye mwini ndarama.

Aphunzitsi apemphedwa kuthandiza makomiti a m'dera lao pa kulemba ndi kuwerengera, ndipo mafumu apemphedwa kuona kuti misonkhano yotere icitika ndithu. Mudzi umene uona kumene ndarama zace zapita sucedwa kusonkhanso, ndipo nyumba imene yayambidwa imafika pa denga.